Funsani Amalume: Kodi nyimbo za house zinabadwiradi mu kilabu ya ma gay?

Mwezi watha funso ili ndinangoliyankha ndi mzere umodzi woti "inde ndi zoona" chifukwa malo anatithera, ndiye makalata agwa ngati mvula ya January, ena okwiya, ena ofuna kumva zambiri. Ndalibwezanso funso lija kuti ndiliyankhe bwinobwino, kenako ndasankhapo makalata awiri mwa amene anabwera pambuyo pake.

FUNSO: Amalume, ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Kawale ndipo ndine DJ wa m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Tsiku lina tikupakira masipika titamaliza ukwati ku Area 25, mnzanga amene amandithandiza kunyamula zida anati aise, house ndi amapiano ukuvinitsa anthuzi gwero lake ndi kilabu ya ma gay ku America. Tinatsutsana mpaka kutsala pang'ono kuyambana chifukwa ine ndimadziwa kuti house ndi ya ku Joni basi. Zoona zake ndi ziti? DJ wa ku Kawale.

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo sananame, kamupepese. Kilabuyo dzina lake inali The Warehouse, inali pa nambala 206 South Jefferson Street mu mzinda wa Chicago, ndipo inatsegulidwa mu 1977. Warehouse ndi chinyumba chosungiramo katundu, ngati zija umaziona ku Kanengo, ndipo malowo analidi otero, nyumba ya nsanjika zitatu imene kale inali ya mafakitale, kudera kumene usiku kumakhala zii anthu akaweruka. Ambiri amavomereza kuti dzina loti house lija ndi chidule cha Warehouse. Tangoganiza, dzina limene umalitchula tsiku ndi tsiku ndi dzina la nyumba yeniyeni ya njerwa imene mpaka lero idakalipo.

Koma kuti umvetse chifukwa chake anthu ankapita kukavinira ku mafakitale pakati pa usiku tiyambire mmbuyo pang'ono. Ku America zaka za m'ma 1960 mwamuna kukhala pa chikondi ndi mwamuna mnzake unali mlandu pafupifupi m'zigawo zonse, chigawo cha Illinois kumene kuli Chicago ndiye chinayamba kuchotsa lamulolo mu 1962 koma olo zinali choncho apolisi sanasiye kuthyola mabala awo, ankagwira anthu, mayina nkutuluka mu nyuzipepala, mawa lake munthu ntchito yatha, landilodi wakuthamangitsa, abale akukana. Ku New York kunali bala ina yotchedwa Stonewall Inn, ya zigawenga za Mafia, yauve ndithu, kumene amagulitsira mowa kunalibe ngakhale mpopi wa madzi otsukira matambula, koma anthu ankadzaza chifukwa ankaloledwa kuvina awiriawiri. Usiku wa pa 28 June 1969 apolisi atabwera kudzagwira anthu monga mwa chizolowezi, anthu aja anakana, panabuka chipolowe cha masiku angapo, ndipo chaka chotsatira tsiku lomwelo anayenda pa msewu poyera, ndiye chiyambi cha zija amati Pride.

Disiko inakulira mu mpweya umenewo. Pa 14 February 1970 bambo wina dzina lake David Mancuso anayamba kuchititsa mapate m'nyumba imene ankakhala ku New York, malowo anadzatchuka ndi dzina loti The Loft, wolowa anali woitanidwa yekha, mowa sagulitsa, kuli zakudya, mabaluni ndi masipika abwino kwambiri. Akuda, ochokera ku Puerto Rico, azungu, ma gay ndi ena onse ankavina pamodzi mpaka kucha. Anyamata awiri akuda amene ankazungulira m'malo oterewa adakali achichepere anali Larry Levan ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo Frankie Knuckles, wobadwa mu 1955 ku Bronx. Onse awiri anali ma gay ndipo sankabisa. Ntchito anayambira pansi penipeni ngati mnzako wonyamula masipikayo, kukonza holo ndi kupopa mabaluni pa kilabu ina yotchedwa The Gallery, kenako nkuyamba kugwira okha malekodi.

Ndiye kunali Robert Williams, nayenso wochokera ku New York, amene atasamukira ku Chicago anaona kuti kulibe malo ngati aja anawazolowera kwawo. Atapeza chinyumba chija anayamba wapempha Larry Levan kuti akhale DJ wake, Levan anakana chifukwa anali kale ndi zake ku New York, kumene kunkatsegulidwa kilabu ya Paradise Garage imene inadzamutchukitsa, ndiye mwayi unagwera Frankie. Anapita ali ndi zaka 22, wocheperapo kwa iweyo.

Usiku wa pa Warehouse unkayenda chonchi. Zitseko zinkatsegulidwa Loweruka cha pakati pa usiku, nthawi imene iwe umakhala ukumanga mawaya kuti uzipita, ndipo anthu ankatuluka Lamulungu dzuwa litakwera, ena ali pa ulendo wa ku tchalitchi iwo ndiye akupita kukagona. Poyamba inali ya mamembala ndi alendo awo, sumangolowa ngati pa Bwandilo ayi, pankafunika wina wokudziwa. Mowa sankagulitsa, kunali juwisi, madzi ndi tizakudya, ndipo apa panali nzeru, chifukwa malamulo a layisensi ya mowa ndi amene amakakamiza bala kutseka pa ola lakutilakuti, ndiye popanda mowa ankatha kuvina mpaka mmawa. Ambiri olowa anali amuna akuda ndi achi Latino okonda amuna anzawo, anthu okanidwa kawiri. Akapita ku makilabu a ma gay achizungu, mlonda wa pakhomo ankawafunsa ziphaso ziwiri zitatu pamene mzungu akungodutsa, akabwerera kwawo kwa akuda anzawo ku tchalitchi akulalikiridwa, kunyumba akutukwanidwa. Frankie mwini wake ankafanizira malowo ndi tchalitchi cha anthu amene ena anawaona ngati akugwa. Ndipo ambiri mwa anyamatawo anakuliradi m'makwaya, nchifukwa chake mpaka lero ukamvetsera house yakale umamva mawu a mzimayi akuimba mokweza ngati ali pa chitsitsimutso, piyano ikugunda ngati ya mu tchalitchi. Sizinangochitika mwangozi zimenezo.

Pali kanthu kena kamene ankachita Frankie kamene ndikufuna iwe ngati DJ ukaone m'maganizo. Gule ali pakati, thukuta lili kamukamu, ankazimitsa magetsi onse kuti bii, nkuika lekodi ya phokoso la sitima ya pamtunda ikuthamanga, masipika nkumalira ngati sitimayo ikudutsa mkati mwenimweni mwa holo, anthu nkumakuwa mu mdimamo, kenako nyimbo nkubwerera. Analibe laputopu, analibe pulogalamu ya pa kompyuta, anali ndi makutu ake komanso ankawadziwa anthu ake.

Tsono chimene chinabala house ndi mavuto. Pofika 1978 disiko inali paliponse ku America, pa wailesi, m'mafilimu, ndalama zikulowa, ndipo ena zinayamba kuwanyansa. Pa 12 July 1979 mu Chicago momwemo, pa bwalo la baseball la Comiskey Park, muulutsi wina wa pa wailesi dzina lake Steve Dahl anakonza zoti aliyense wobwera ndi lekodi ya disiko alowe ndi masenti 98 okha, malekodiwo akawaphulitse pakati pa bwalo. Kunabwera anthu pafupifupi 50,000, kuposa amene amakwana mu Bingu Stadium, malekodi anaphulitsidwadi ndi mabomba, anthu anathamangira m'bwalo, moto, chisokonezo, mpaka masewera achiwiri a tsikulo analephereka. Okonza ankati iwo ankangodana ndi nyimbozo basi. Koma mnyamata wina wakuda amene ankagwira ganyu yolondolera anthu pa bwalopo tsiku limenelo, Vince Lawrence, anadzafotokoza kuti malekodi ambiri amene anthu ankabweretsa sanali a disiko nkomwe, anali a oimba akuda chabe. Ineyo ndikaiona nkhani imeneyi sindikhulupirira kuti mkwiyo wonse uja unali wa pa nyimbo zokha, unali wa pa eni nyimbo.

Zitatero makampani akuluakulu anaitaya disiko ngati chikwakwa chothyoka, nyimbo zatsopano zinayamba kusowa, koma anthu a Frankie Loweruka lililonse ankabwerabe kufuna kuvina. Ndiye anatani? Anayamba kusoka nyimbo zakale. Ankajambula lekodi pa tepi ya mawilo akuluakulu ija, nkutenga lezala, kudula pamene pali ng'oma yokoma, kulumikiza, kubwereza kachigawo komweko kangapo kuti kakhale katali, kuchotsa pamene nyimbo ikufooka, mothandizana ndi mnzake wodziwa za zomvekamveka Erasmo Rivera. Apa ndiye pamandikhudza ine chifukwa a msinkhu wanga tinachitako kofanana nako. Ndikukumbuka tili ku Biwi kaseti ikadyedwa ndi wailesi, tinkaitulutsa pang'onopang'ono, kudula pokwinyikapo ndi lezala, kumata ndi kyutekisi wa achemwali, kudikira aume, nkukulunga ndi bolopeni, ndipo nyimbo ikafika pomatapo inkadumpha pang'ono moti tinkachita kupadziwa. Ife tinkangopulumutsa kaseti, koma iyeyu ndi lezala yomweyo ankapanga nyimbo imene kulibe sitolo ina iliyonse inali nayo, ukaifuna unkayenera kupita ku Warehouse. Anayambanso kusakaniza malekodi ochokera ku Ulaya, makamaka a ku Italy, oimbidwa ndi makina, ndipo kenako anadzayamba kuika kamakina ka ng'oma pansi pa nyimbo kuti kugunda kuja kwa du du du du, kanayi kanayi, kuzimveka mpaka m'chifuwa.

Achinyamata akamva nyimbo Loweruka, Lolemba ankathamangira ku sitolo ya malekodi yotchedwa Importes Etc. kukafunsa zija zinalira ku Warehouse, ogulitsa anayamba kulemba pa mashelefu kuti izi ndi za ku Warehouse, pakamwa pa anthu zinafupika nkukhala house. Zili ngati mmene anyamata oika nyimbo m'mamemori kadi ku depoti amachitira, ukangoti ndiikireni zija za mu minibasi akudziwa kale.

Kutchuka komweko ndi kumene kunaisintha kilabuyo. Anthu amene sanali ma gay anayamba kudzaza, mtengo wolowera unakwera, eni malo enieni aja anayamba kumva ngati alendo pakwawo, ndipo kumapeto kwa 1982 Frankie anachoka nkukatsegula yake yotchedwa Power Plant. Robert Williams anapitiriza ndi dzina latsopano la Music Box, DJ wake ali Ron Hardy, amene ankaimba mwaukali ndi mothamanga kuposa Frankie. Ndiye Warehouse yeniyeniyo inangokhala zaka zisanu zokha basi.

Apa ndinene chilungamo kuti usakapitirire muyeso pokamuuza mnzako. Si onse amene anapanga house anali ma gay ayi. Lekodi imene ambiri amaiwerenga kuti ndi yoyamba ya house inatuluka mu 1984, ya Jesse Saunders mothandizana ndi Vince Lawrence yemwe uja wa ganyu ya pa bwalo, ndipo ma DJ a pa wailesi ya WBMX otchedwa Hot Mix 5 ndi amene anazifikitsa m'nyumba za anthu wamba. Mphika unaphikidwa ndi manja ambiri. Koma moto unakolezedwa pa Jefferson Street, ndipo dzina likuchitira umboni.

Kuchoka apo ulendo wake ukuudziwa pang'ono. Pofika 1987 ndi 1988 house inali itagwira ku England, ndipo malekodi omwewo anafika ku Johannesburg ndi Pretoria. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene Mandela anatuluka m'ndende, ma DJ a m'makomboni a kumeneko monga Oskido ankaichepetsa liwiro house, nkuikapo mawu a chi Zulu ndi chinenero cha mu msewu, ndiye kwaito imene tinavina ife ija. Amapiano yabwera m'zaka za m'ma 2010 kuchokera m'makomboni a ku Gauteng komweko, yatenga ku deep house, ku kwaito ndi ku jazz, nkuwonjezera log drum imene imagwedeza malata a holo ija. Ndiye sunalakwitse kwenikweni ponena kuti ndi za ku Joni, amapiano ndi mwana wa ku Joni ndithu, a Kabza De Small ndi anzawo palibe angawalande. Koma agogo ake ndi a ku Chicago.

Chimene sindingachidumphe ndi Edzi. Malipoti oyamba a matendawa anatuluka ku America mu June 1981, ndipo anthu amene anayamba kugwa anali omwewa a m'makilabuwa. Boma la kumeneko linachedwa kulabadira, ambiri amati chifukwa cha mtundu wa anthu amene ankafa, ndiye anadzithandiza okha, mu 1982 ku Paradise Garage kunachitika dansi yosonkhetsa ndalama zothandizira odwala, imodzi mwa zoyambirira zenizeni. Garage inatsekedwa mu 1987 ndipo mwini wake Michael Brody anamwalira ndi matendawa chaka chomwecho. Ron Hardy anamwalira mu 1992, Larry Levan nayenso chaka chomwecho ngakhale kuti iye anali matenda a mtima, onse asanafike zaka 40. Ife a Malawi nkhani iyi sitichita kufotokozeredwa. Amene tinaliko m'zaka za m'ma 1990 ma ARV aulere asanayambe mu 2004 tikukumbuka mmene akalipentala a ku Mchesi anasiyira mipando nkumakhoma mabokosi okhaokha, tikukumbuka kunong'onezana pa maliro kuti "ndi zomwezi", munthu kumusala mpaka kapu yake kuiika payokha. Ululu umene unadutsa m'makilabu aja ndi womwewo unadutsa m'makomo mwathu.

Frankie Knuckles iye anakhalako nthawi yaitali. Mu 1998 analandira mphoto yaikulu ya oimba yotchedwa Grammy, woyamba kulandira ya wosakaniza nyimbo, mu 2004 mzinda wa Chicago unatcha chigawo cha msewu umene panali Warehouse kuti Frankie Knuckles Way, ndipo mmodzi mwa amene anathandizira zimenezo anali Barack Obama asanakhale pulezidenti. Anamwalira pa 31 March 2014 ndi matenda a shuga ali ndi zaka 59. Chinyumba chija mu 2023 chinaikidwa m'gulu la nyumba za mbiri zotetezedwa ndi mzindawo, anthu atadandaula kuti chingagwetsedwe. Loweruka likubwerali ukamalumikiza nyimbo ziwiri kuti anthu a pa pelekanipelekani asakhale pansi, dziwa kuti luso limenelo lili ndi eni ake amene analisula.

FUNSO: Amalume, ine ndi mayi wa ana anayi wa ku Area 23, wopemphera. Yankho lanu la mwezi watha landisowetsa mtendere. Mwana wanga wamkazi akukwatiwa posachedwa, kodi ndimuuze DJ asaike nyimbo zimenezi? Komanso bwanji mukulemba zinthu zachilendo zimene si chikhalidwe chathu? Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, zikomo polemba mwaulemu, ena anangotukwana. Ukwati ndi wanu ndi ana anu, mukafuna kwaya yokha kapena nyimbo zathu za Chimalawi zokhazokha palibe angakuletseni, ndipo DJ wabwino amamvera mwini mwambo. Koma ngati mantha anu ndi oti kugunda kwa ng'oma kungamusinthe munthu mmene alili, mtima ukhale pansi, takhala tikuvina kwaito ndi house kuno zaka zoposa 25 ndipo amene ankavina aja ndi omwewa akukwatitsa ana lerowa. Ine mwezi wathawu ndinali pa ukwati wina ku Chilinde, ndinaona agogo ena a zaka mwina 70, chitenje chomanga bwino, ndalama za ma K200 zili m'manja, akutsetsereka ndi amapiano kupita kukaponya m'lichero, holo yonse nthungululu. Panalibe choipa chilichonse pamenepo, panali chimwemwe cha agogo pa mdzukulu wawo.

Za chilendozo, ndikupemphani tiganizire limodzi. Nyimboyo ndiyedi yachilendo, monganso gitala, kiyibodi ya ku tchalitchi ndi diresi loyera la mkwatibwi. Koma anthuwo si achilendo, mayi. Chimene ndikudziwa kuti chinachokera kunja ndi lamulo lowamanga, linabwera ndi atsamunda a ku Britain m'buku la malamulo a milandu, ndipo eni akewo kwawo ku England anayamba kulichotsa mu 1967 ife nkutsala nalo. Inu ndi ine tikukumbukanso kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 mzimayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi kuno unali mlandu, mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa, ndipo nthawi imeneyo tinkauzidwa kuti ndiye chikhalidwe chathu. Lero ana anu aakazi amapita ku ntchito atavala buluku ndipo akadali ana anu olongosoka.

Ndikuuzeni chimene chimandilembetsa nkhani zotere. Kumene ndinkachita lendi zaka zapitazo kunali mnyamata wina woimba tenala mu kwaya, waulemu, amene ankatungira madzi amayi okalamba a pa mzere wathu osalipiritsa. Tsiku lina bambo ake anapeza mauthenga mu foni yake, usiku womwewo zovala zake zinaponyedwa panja mu jumbo, mvula ikugwa, mayi ake ataima pakhomo akulira koma osatha kunena kanthu. Ndinamupeza patapita masiku atatu akugona pa khonde la sitolo ku Old Town, nsapato atazitsamira kuti asamubere. Anagona kwanga milungu iwiri kenako anapita ku Joni ndipo mayi ake anamwalira asanamuonenso. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikamawerenga za anyamata a ku Warehouse aja, othamangitsidwa kwawo nkukapeza pothawira m'chinyumba cha mafakitale, nkhope imene ndimaiona ndi ya mnyamata ameneyu. Sindikukupemphani kuti musinthe chikhulupiriro chanu, mayi, ndikungopempha kuti mwa ana anayiwo, kapena adzukulu akubwerawo, wina akadzapezeka kuti ali choncho, jumbo ija isadzatuluke pakhomo panu.

Ukwati ukayende bwino, ndipo DJ mukamulipire nthawi yabwino, anyamatawa amavutika ndi mayendedwe a zida.

FUNSO: Amalume chonde musalembe dzina langa kapena dera limene ndimakhala. Ndili ndi zaka 21 ndipo ndine mmodzi mwa anthu amene munawatchula aja, palibe akudziwa kwathu. Nditawerenga ndinalira, sindinkadziwa kuti anthu ngati ine anapangapo chinthu chimene dziko lonse limakonda. Kodi mu Lilongwe muno muli malo ngati amenewo oti munthu nkupitako osaopa?

YANKHO: Mphwanga, kalata yako ndaiwerenga katatu. Funso la malo sindiliyankha pa tsamba lino ndipo sindidzaliyankha, chifukwa magazini ino amawerenga ndi anthu a mitima yosiyanasiyana, ndipo kutchula khomo la munthu pa nkhani ngati iyi kuli ngati kulozera afisi khola.

Uyenera kudziwa pamene lamulo laima kuti uziyenda maso ali otsegula. Pa nkhani ya amuna ogonana okhaokha, gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka zisanu, ndipo mu 2011 anawonjezera gawo 137A lokhudza akazi. Mu 2010 anthu awiri obadwa amuna amene anachita chinkhoswe ku Blantyre anagamulidwa zaka 14, nkudzakhululukidwa ndi pulezidenti Bingu wa Mutharika pamene mkulu wa United Nations Ban Ki-moon anabwera kuno. Mu June 2021 kagulu ka anthu kanayenda mu Lilongwe muno pa Pride yoyamba m'dziko lino, ambiri atabisa nkhope, mu July 2023 mipingo ndi zipembedzo zinayenda m'mizinda kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti malamulo aja akhalebe, linati owasintha ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo. Tsikulo linangogwera pa tsiku lomwe lija la Stonewall, patapita zaka 55.

Ndiye samala, makamaka ndi foni. Anthu ambiri amene apwetekeka si kuti anagwidwa ndi apolisi pa dansi ayi, ndi munthu amene anacheza naye pa Facebook kapena pa WhatsApp, nkupangana kukumana, kukapeza ali anayi, kumulanda foni, kumumenya, nkumamuopseza kuti tumiza ndalama apo ayi tiuza kwanu. Usatumize zithunzi zoonetsa nkhope kwa munthu amene sunamuonepo, koyamba kumanani poyera masana, ndipo pakhale mnzako mmodzi wodziwa kumene wapita. Ukadwala pita kuchipatala, uli ndi ufulu wothandizidwa ngati wina aliyense, kayezetse magazi, makondomu ndi mankhwala oteteza ku HIV aja a PrEP alipo. Bungwe la World Health Organization linachotsa nkhani ya mwamuna kukonda mwamuna mnzake kapena mkazi kukonda mkazi mnzake pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndiye wina asakunamize kuti ndiwe wodwala wofunika kuchiritsidwa. Ndipo usathamangire kuulula kwanu udakali kudalira makolo pa fizi ndi pogona, maliza sukulu kaye, upeze pako poimira, nthawi yonena ndi mawu ake udzasankha wekha. Alipo mabungwe a za ufulu wa anthu monga CEDEP amene akhala akugwira ntchito pa nkhani zimenezi kwa zaka zambiri, ukapanikizika ndi nkhani ya apolisi kapena oopseza afunefune.

Walira chifukwa sunkadziwa, ndiye tenga ichinso. The Loft ija isanakhale dzina lotchuka inali chipinda chimene munthu ankagonamo, nkuitana anzake amene ankawakhulupirira, aliyense nkubwera ndi mnzake mmodzi amene angamuikire umboni. Warehouse nayo zaka zoyamba sinkalengezedwa pa wailesi, anthu ankangouzana pakamwa. Anayamba ndi kudziwana kaye, masipika anabwera pambuyo. Iwe panopa chimene ukusowa kwambiri ndi munthu mmodzi kapena awiri oti ukakhala nawo suchita kuyeza mawu ako, ndipo oterowo amapezeka pang'onopang'ono, osati usiku umodzi.

Dzina lako ndi nambala yako ndafufuta monga unapempha, ngakhale akonzi a magazini ino sanazione. Ukafuna kulembanso ungoyamba ndi mawu oti "wa zaka 21 uja", ndidzakuzindikira.